Makadi a padoko ndi mlandu, kandege ayi: kodi lamulo la juga limasankha?

Kalata ya sabata ino yachokera cha ku Makawa, kwa bambo wina mwini boti ndi ukonde wa chilimira, amenenso ali ndi kagolosale kufupi ndi doko. Apempha kuti ndisawatchule dzina. Ndaidula pang'ono, koma mitu yake ndi iyi:

"Mwezi wathawu apolisi anagwira alovi anga atatu, anyamata ogwira ntchito m'boti langa, akutchova juga ya makadi pansi pa mtengo kudoko. Anagona m'chitokosi, boti osalowa m'madzi, ine tsiku lonse kuthamangathamanga. Chondizunguza mutu n'chakuti anyamata omwewo amabetcha mpira ndi kandege pa foni dzuwa likuswa mtengo, mashopu obetchera ali mbwee pa boma, wailesi nayo ikuitanira anthu, koma palibe womangidwa. Juga si juga basi? Kapena lamulo limayang'ana nkhope? Chachiwiri, kwabwera munthu akufuna kuika makina a juga pagolosale yanga, akuti tizigawana phindu ndipo mapepala onse ali nawo. Ndivomere? Chomaliza, timu yathu ya mpira ikufuna kugulitsa matikiti kuti wamwayi apate njinga, ndalamazo tigulire yunifomu. Nafenso satimanga?"

Bambo, mafunso anu ndi atatu koma muzu wake ndi umodzi. Eya, lamulo limasankha, ndipo silichita nazo manyazi. Kungoti silisankha pakati pa juga yowononga kwambiri ndi yowononga pang'ono. Limasankha pakati pa juga yomwe mwini wake boma likumudziwa, linamupatsa laisensi ndipo likumudula msonkho, ndi juga yomwe zikavuta palibe woti n'kumuitana kuti adzayankhe. Zina mwa zomwe ndinene sizikukomerani, ndipo inenso zina sizindikomera.

Tiyambire pa alovi anuwo. Pa nkhani zotere apolisi nthawi zambiri satsegula n'komwe lamulo la juga. Amagwiritsa ntchito Penal Code, buku la milandu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930 dziko lino likadali Nyasaland. Gawo 180 la bukuli limatchula anthu omwe limawaona ngati osowa chochita ndi osokoneza mtendere, ndipo m'gulumo muli aliyense wosewera masewera odalira mwayi, pofuna ndalama kapena katundu, pamalo pomwe pamafika anthu onse. Doko ndi malo otero. Msika, depoti, pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, monsemo ndi momwemo. N'chifukwa chake akuluakulu osewera bawo pakhonde la sitolo palibe amawafunsa kanthu: bawo ndi kuwerenga ndi kuona patali, wopambana sanachite mwayi.

Mlanduwu ndi waung'ono, si woti munthu n'kukhalira m'chitokosi masiku. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati wina anakunong'onezani kuti mupereke ya fanta kuti anyamata atuluke msanga, chimenecho sichinali chindapusa. Chindapusa chimagamulidwa ndi khoti ndipo chimabwera ndi lisiti ya boma. Komanso musasokoneze mlanduwu ndi vakabu. Vakabu ya gawo 184(1)(c), yomwe ankasesera nayo anthu usiku popanda chifukwa, khoti lalikulu linaithetsa mu 2017 pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo ku Blantyre. Gawo 180 silinali pa mlandu umenewo, ndiye mlovi asadzinamize kuti "zija anathetsa".

Tsopano mbali inayo, ya mashopu ndi mafoni. Mu 1996, patangopita zaka ziwiri chichitikireni chisankho choyamba cha zipani zambiri, Nyumba ya Malamulo inavomereza Gaming Act, lamulo lomwe linabala Malawi Gaming Board. Nthawi imeneyo maso anali pa ma casino a ku Blantyre ndi Lilongwe, komwe kumalowa anthu a matumba olemera ndi alendo. Mu 2003 kunabwera Lotteries Act pamodzi ndi National Lotteries Board, yoyang'anira malotale ndi mipikisano ya mwayi. Olemba malamulo awiriwa sankalota n'komwe kuti tsiku lina mlovi atakhala pamchenga ku Msaka adzabetcha gemu ya Arsenal ndi ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba, osavala nsapato, osakwera minibasi. Makampani obetcherako mpira monga Premier Bet atafalikira m'matauni ndi m'misika, kenaka n'kusamukira pa foni, malamulo akalewo anatsalira m'mbuyo. Ndiye mu 2022 aphungu anawaphatikiza kukhala lamulo limodzi, Gaming and Lotteries Act, ndipo mabungwe awiri aja anasanduka limodzi, Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe ambiri amangoti MAGLA.

Kampani yomwe ili ndi laisensi ya MAGLA imadziwika eni ake ndi komwe ikupezeka. Imalipira boma. Makina ndi masewera ake amayenera kukhala ovomerezeka, malamulo a masewerawo olembedwa poyera, ndipo siiloledwa kulandira ndalama ya munthu wosakwana zaka 18. Ikakana kukulipirani tikiti yomwe yawina, muli ndi kokadandaula, ndipo bungwelo lili ndi mphamvu yoilipitsa chindapusa kapena kuilanda laisensi. Ma casino alinso pansi pa Financial Crimes Act ya 2017, yomwe imawakakamiza kudziwitsa Financial Intelligence Authority akaona ndalama zokayikitsa. Izi zonse ndi zenizeni ndipo n'zabwino kuti zilipo.

Koma taonani chomwe laisensi siinena. Inu ndinu msodzi, mukuidziwa laisensi ya ku Fisheries. Imanena kukula kwa maso a ukonde, imalemekeza miyezi yotseka nyanja, imaletsa kukokolola kasawala. Komatu palibe laisensi ya ukonde yomwe inalembedwa kuti nsomba zipambane. Ukonde wa laisensi ndi wogwirabe nsomba, lamulo limangoti ugwire mwadongosolo kuti nyanja isathe. Laisensi ya juga ndi chimodzimodzi, ndipo pa fanizoli wobetcha si msodzi ayi.

Ndikutanthauza masamu, si mwano. Kandege, masewera a pa foni omwe munthu amaponya ndalama n'kuyesa kuitulutsa ndi phindu kandegeko kasanagwe, komwe dzina lake lenileni ndi Aviator, kanapangidwa ndi kampani ya Spribe, ndipo eni ake amalengeza poyera kuti pa K100 iliyonse yomwe osewera onse pamodzi aponya, K97 ndi yomwe imabwerera kwa osewera. Mwina mukuti K3 yokha si kanthu. Koma ndani amasewera kamodzi? Kandege sikachedwa kugwa, ndi nkhani ya masekondi, kenaka kena kanyamuka. Tinene kuti mlovi wayamba ndi K10,000, akuika K1,000 ulendo uliwonse, ndipo zomwe wawina akuzibwezera momwemo. Akasewera maulendo 100 usiku umodzi, waponya K100,000 yathunthu ngakhale m'thumba mwake simunalowepo ndalama yotero. Gawo la kampani pa K100,000 imeneyo ndi K3,000. Usiku wina adzagona atawina, usiku wina atadyedwa zonse, koma mukaphatikiza anyamata onse a padoko ndi mausiku onse a mwezi, K3 ija imatuluka ndithu, ndipo palibe wabera munthu. Lamulo lakhutira.

Mpira nawonso uli ndi msampha wake. Matimu awiri akakhala ofanana mphamvu, ndipo tichotsepo zoti angalepherane, malipiro achilungamo akanakhala oti K1,000 ikubweretsereni K2,000. Kampani siipereka yonseyo, imadulako, tinene kuti K1,850. Kusiyana kumeneko ndiye malipiro a antchito ake, lendi ya shopu ndi zotsatsa za pa wailesi zija. Ndiye pali matikiti aatali omwe anyamata amawakonda, magemu 10 pa tikiti imodzi kuti K200 ibale ndalama yogulira njinga yamoto. Ngati gemu iliyonse mwayi woti muilondole ndi theka, mwayi woti zonse 10 zilondoleke ndi umodzi mwa 1,024. N'chifukwa chake Lolemba lililonse mumamva kulira kofanana: "Timu imodzi yokha yandiphera tikiti." Sikuti inangotsala pang'ono. Tikitiyo inapangidwa kuti izifa choncho, ndipo kulondola magemu 9 ndi kumene kumamubweza munthu Loweruka lotsatira.

Apa mpamene ndikuona kuti dandaulo lanu lili ndi mutu. Alovi atatu akatchova makadi, ndalama imangozungulira pakati pawo. Wadyedwa lero, mawa adya mnzake, ndipo madzulo ndalamayo igula kanyenya padoko pomwepo kapena sopo pagolosale yanu. Pa kandege, gawo la kampani limachoka ku Mangochi osabwereranso. Mukafunsa kuti ndi iti mwa ziwirizi yomwe ikukokolola ndalama zambiri za usipa ndi utaka, yankho si makadi. Koma womangidwa ndi wamakadi.

Sindikuyeretsa makadi. Aliyense wokhala kunyanja akudziwa mathero a juga ya padoko: ndewu, mipeni, mafoni opinyolitsa, mlovi wothawa usiku ndi ngongole ya bwana wake kukayamba moyo wina ku Malembo kapena ku Makanjira. Palibe woweruza, palibe lisiti, ndipo kawirikawiri pamakhala katswiri mmodzi wodziwa kubisa khadi amene amadikirira tsiku lomwe maboti afika odzadza. Boma likaletsa zimenezi lili ndi chifukwa. Chomwe ndikukana ine n'chakuti tizinamizana kuti yalaisensiyo ndi yopanda mano.

Musaiwalenso kuti boma nalo limadyapo. Kupatula zomwe makampani amalipira, pali msonkho wa pa ndalama yomwe munthu wawina, womwe kampani imadula isanakupatseni n'kutumiza ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Pomwe unkayamba unali K20 pa K100 iliyonse, ndipo kuchokera pamenepo wakhala ukusinthasintha ndi bajeti. Ndiye tikiti ikawina n'kulandira yoperewera, musafulumire kunena kuti wa pashopu waba, yang'anani kaye mzere wa msonkho pa lisiti. Koma mfundo yaikulu ndi iyi: amene akuyang'anira juga ndi yemwenso amapindula juga ikakula. Si ku Malawi kokha, maiko ambiri ali pa vuto lomweli. Zikatero, woyang'anirayo amachita changu pothamangitsa opanda laisensi, chifukwa amenewo salipira kanthu, kusiyana ndi pochepetsa njala ya omwe akulipira.

Pa nkhani ya ana mpamene lamulo ndi moyo weniweni zatalikirana kwambiri. Papepala n'zomveka: wosakwana zaka 18 sabetcha, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pashopu, wogulitsa matikiti angathe kuona nkhope n'kufunsa chiphaso cha unzika. Nanga pa foni? Nambala inalembetsedwa ndi chiphaso cha amayi, foni ili m'manja mwa mwana wa Sitandade 7. Kuno kunyanja mwana sasowa ndalama yoyambira, akathandiza kukoka ukonde kapena kuyanika usipa pathandala, madzulo ali ndi kake. Ndipo m'makomo ambiri a ku Namwera, kwa Chimwala ndi kwa Katuli, mwana ndi amene amadziwa nambala yachinsinsi ya foni ya agogo, momwe mumafikira ndalama ya malata yochokera kwa achimwene ku Joni. Woyendera wa MAGLA sangalowe m'nyumba iliyonse. Wosintha nambala yachinsinsi ndi mwini foni.

Ndiponyepo chenjezo limodzi ndisanafike pa makina. Si tsamba lililonse lobetchera pa intaneti lomwe lili ndi laisensi ya kuno. Ena ali kunja, ndipo akatseka akaunti yanu muli ndalama, MAGLA ilibe woti imugwire. Nawonso aja a pa WhatsApp ndi Facebook ogulitsa "magemu okonza kale" kapena pulogalamu yolosera pomwe kandege kagwere, amenewo si a juga n'komwe, ndi akuba wamba. Munthu wodziwadi zotsatira za mawa sangazigulitse K5,000.

Tsopano makina a pagolosale. Yankho langa ndi lakuti kanani, ndipo zifukwa zake nazi.

Mawu oti "mapepala onse ndili nawo" ndi otsika mtengo. Mapepala ati? Satifiketi yolembetsera bizinesi si laisensi ya juga. Laisensi ya malonda ya ku khonsolo ya Mangochi si laisensi ya juga. Kalata ya amfumu si laisensi ya juga. Yofunika ndi yochokera ku MAGLA, ya m'dzina la kampani yomwe munthuyo akuimira, yosatha masiku. Ndipo ngakhale imeneyo ikhalepo, laisensi ya juga siyenda m'chikwama kuti mwini wake aziika makina paliponse pomwe wapeza soketi. Malo ochitirapo juga nawonso amayenera kuvomerezedwa. Golosale yomwe ana amabwera kudzagula maswiti ndi machesi, ine sindikuona m'mene ingavomerezedwere, chifukwa simungathe kuletsa ana kulowa popanda kupha bizinesi yanu yomwe. Ngati mukufunabe kutsimikiza, jambulani mapepalawo, pezani nokha nambala ya MAGLA, osati yomwe akupatseni iyeyo, n'kufunsa mafunso awiri: kampaniyi mukuidziwa, ndipo mwailola kuika makina pagolosale ya ku Makawa? Munthu wa mapepala enieni sakwiya mukatero. Wabodza amayamba kunena kuti mukuchedwetsa zinthu, pali ena akufuna.

Ganiziraninso tsiku lomwe kudzabwere oyendera ndi apolisi. Mwini makina adzakhala ali ku Lilongwe kapena foni yake itazima. Wopezeka pamalopo ndinu, makina ali m'nyumba yanu, akudya magetsi anu, ndipo m'kabuku muli umboni woti mumalandira gawo. Alovi anu anagona usiku umodzi chifukwa chosewera. Kuyendetsa malo a juga opanda laisensi ndi mlandu wina, wolemera kuposa pamenepo, ndipo makinawo amalandidwa.

Palinso china chomwe sichili m'buku la malamulo. Simunandiuze chipembedzo chanu, koma makasitomala anu ambiri ndikuwadziwa. Kuno ku Mangochi Asilamu ndi ochuluka, ndipo Qur'an, pa sura 5 ndime 90, imaika juga pamzere umodzi ndi mowa. Mipingo yambiri yachikhristu nayo siisekerera. Boma kulola chinthu sikutanthauza kuti mudzi wachilandira. Mayi amene mwana wake wataya ndalama ya ndiwo m'makina anu sadzapita kukadandaula ku MAGLA ku Blantyre, adzangosiya kugula kwa inu, n'kuuza anzake pamjigo. Ndipo osewera oyamba pa makinawo adzakhala alovi anu omwe. Malipiro omwe mwawapatsa m'mawa adzathera pakhonde panu, theka n'kupita kwa mlendo uja, kenaka madzulo adzakupemphani ngongole.

Latsala la njinga. Ili ndiye funso lomwe anthu ambiri a mitima yabwino amapunthwa nalo, a makomiti a sukulu, a kwaya, a matimu a mpira. Pamaso pa lamulo, pakakhala zinthu zitatu, anthu alipira kuti alowe, pali mphoto, ndipo wopambana akusankhidwa mwa mwayi, imeneyo ndi lotale. Zilibe kanthu kuti ndalama yake ikagula yunifomu kapena ikafolera kalasi. Cholinga chabwino chimathandiza kuti akuloleni, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo. Ngakhale makampani aakulu a mafoni ndi mabanki, akamachita mipikisano ija ya "gulani muwine", amayamba atenga chilolezo kubungwe lomweli.

Lamulo limasiyanitsa lotale ya pakati pa anthu a gulu limodzi, yomwe matikiti ake satuluka kunja, ndi yogulitsidwa kwa aliyense. Yanuyi, ngati mukufuna kuyenda nayo pamsika wa Makawa ndi m'madoko, ndi ya aliyense. Choncho musanadinde tikiti ndi imodzi yomwe, lemberani MAGLA kalata: timu yanu ndi iti, ndalama mukufuna kuchitira chiyani, matikiti ndi angati ndipo imodzi ndi ndalama zingati, mphoto ndi chiyani, mayere adzachitikira kuti ndipo liti. Afunseni ngati lotale ya kukula kotero ikufunika chilolezo, ndi mtengo wake. Yankho lawo likhale lolembedwa, mulisunge.

Mukamva mtengowo, khalani pansi ndi cholembera. Matikiti 500 a K1,000 ndi K500,000 ngati onse agulidwa, ndipo sagulidwa onse. Chotsanipo njinga, kudinda, chilolezo ndi zoyendera za ogulitsa. Mwina mudzapeza kuti bonanza ya mpira yolipiritsa pakhomo, mpikisano wa bawo kapena wopalasa bwato ikubweretserani zofanana popanda kalata iliyonse ya ku MAGLA, chifukwa kumeneko wopambana wapambana ndi luso lake.

Mukasankhabe lotale ndipo akulolani, njinga igulidwe kaye, anthu aziiona ndi maso matikiti asanayambe kugulitsidwa. Tikiti iliyonse ikhale ndi nambala ndi kachidutswa kotsalira m'buku, kolembedwa dzina ndi foni ya wogula. Ana musawagulitse, ngakhale atumidwe ndi makolo. A komiti ndi a m'nyumba zawo asagule, chifukwa njinga ikagwera mlamu wa msungichuma, ngakhale mwachilungamo chotani, timu yanu siidzagulitsanso tikiti ku Makawa. Tsiku la mayere, matikiti osagulidwa awerengedwe pamaso pa anthu n'kuikidwa padera chidebe chisanagwedezedwe, ndipo wotola akhale munthu wopanda mbali, amfumu kapena wapampando wa BVC, komiti yoyang'anira za usodzi padoko panu.